Mwakweza galimoto, yayamba kugogoda: mlandu ndi wa ndani?

Galimoto zing'onozing'ono zimene zadzaza mu Mzuzu zinapangidwira misewu ya ku Japan. Sienta, Probox, Vitz, Note, Freed, Demio, zambiri zimatsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowa m'dziko muno pa Songwe zili chogwadira pansi. Kumene zachokerako kulibe ngalande zimene mvula imakumba pakati pa msewu ku Mchengautuwa kapena ku Zolozolo. Mwini galimoto akangomva pansi pakukhula pa bampu, atanyamula banja ndi thumba la chimanga, anzake amamuuza kuti akaikweze basi. Eni ma Hilux ndi ma Land Cruiser amene amapita ku Nyika, ku Usisya kapena kukwera Gorodi kupita ku Livingstonia nawo ali ndi zifukwa zawo: katundu ndi wolemera, masipuling'i anatopa kalekale.

Maganizo amenewa si oipa. Nkhani imavuta galimoto ikatuluka m'galaja itakwera bwino, pakangopita masabata angapo n'kuyamba kugogoda kutsogolo, kukokera mbali imodzi, kapena kudya matayala cham'kati. Mwini galimoto amati makaniko waononga. Makaniko amati masipeya anali achinyengo, kapena kuti bwana munagwera m'dzenje. Wogulitsa masipeya amati katundu wake ndi wabwino, waika ndiye sadziwa ntchito. Aliyense mwa atatuwa akhoza kukhala kuti akunena zoona, ndipo amene sadziwa kusiyanitsa ndi amene amalipira kawiri.

Kuti timvane, tiyambe ndi zimene zili pansi pa galimoto. Chimene chimanyamula kulemera kwa galimoto ndi sipuling'i, osati shoko. Anthu ambiri amasokoneza pamenepa, ndipo amagula mashoko atsopano poyembekeza kuti galimoto ikwera, n'kuipeza ili pomwe inali. Ntchito ya shoko ndi kuletsa sipuling'i kuti isapitirize kudumpha tayala likagunda dzenje. M'kati mwake muli mafuta amene amakanikizidwa kudutsa m'timabowo ting'onoting'ono. Choncho pokweza galimoto amaika masipuling'i aatali kapena olimba, apo ayi amaika masipesa, tizidutswa ta aluminiyamu, labala kapena pulasitiki wolimba tokhala pamwamba pa shoko ya kutsogolo ndi pa sipuling'i ya kumbuyo. Pa galimoto zing'onozing'ono masipesa ambiri amakhala a mamilimita 20 mpaka 30. Poona ndi maso ndi kanthu kochepa. Koma tayala silipachikidwa pa sipuling'i yokha. Limagwiridwa ndi mkono wa pansi, ball joint (mfundo yozungulira yolumikiza mkonowo ndi tayala), tie rod (ndodo yokhotetsa tayala mukapotoza chiwongolero) ndi shafuti ya CV joint (mfundo yopindika imene imapititsa mphamvu ya injini ku tayala), ndipo zonsezi zinayezedwa ku fakitale kuti zizigwira ntchito galimoto ili pa msinkhu winawake. Msinkhu ukasintha, zonse zimapendekeka pang'ono, ndipo kaimidwe ka tayala kamasintha nako.

N'chifukwa chake galimoto yokwezedwa imene sinapite ku alayimenti, kumene amayeza ndi kuwongola kaimidwe ka matayala, ndiye kuti ntchito yake sinathe. Magalaja ambiri a pansi pa mtengo alibe makina a alayimenti, ndipo si mlandu kusakhala nawo. Mlandu ndi kubweza makiyi osamuuza mwini galimoto kuti apite nayo ku makinawo tsiku lomwelo. Matayala akutsogolo akangotsekuka kapena kutsekeka mamilimita ochepa chabe, amayenda mokhula m'malo mogubuduka, ndipo ulendo umodzi wa ku Lilongwe kudzera ku Chikangawa ndi wokwanira kuti muone mbali imodzi ya tayala latsopano itayamba kusalala.

Cholakwa chimene chimabisika kwambiri, komanso chofala kwambiri, ndi cha mabushi. Pamene mkono wa pansi kapena shoko imalumikizana ndi thupi la galimoto pamakhala bushi ya labala, yokhala ndi kachitsulo ka bowo pakati pomwe pamadutsa bawuti. Bawutiyo ikamangidwa, kachitsuloko sikazunguliranso. Tayala likamakwera ndi kutsika, labala ndi amene amapotoka n'kubwerera. Ndiye funso ndi lakuti bawutiyo yamangidwa galimoto ili pati. Ikamangidwa galimoto ili pa jeke, matayala akulendewera m'malere, labala amagwidwa pa malo olakwika. Galimoto ikatsitsidwa, amapotoka n'kukhala chipotokere usana ndi usiku, ngati chovala chofinyidwa chimene palibe wachimasula. Bushi imene ikanakhala zaka imang'ambika m'miyezi yochepa, nthawi zina m'masabata. Njira yoyenera ndi kugwiritsa mabawuti pang'ono, kutsitsa galimoto kuti kulemera kwake kukhale pa matayala, kenako n'kumanga komaliza. Pa dzenje la galaja zimenezi n'zosavuta. Pa bwalo la dothi, mnyamata wa sipanala ayenera kukwawira pansi pa galimoto yotsika, ndipo ikakhala nthawi yoweruka, ambiri amangomangiratu ili m'mwamba. Kuipa kwa cholakwa chimenechi n'kwakuti tsiku lotenga galimoto simumva kalikonse. Pofika nthawi imene bushi yang'ambika, makaniko amanena mosachita manyazi kuti inali feki, ndipo mwina iye mwini amakhulupiriradi choncho.

Shoko yatsopano nayo imatha kuphedwa isanayende ngakhale kilomita imodzi. Ndodo yonyezimira imene imalowa ndi kutuluka m'shoko iyenera kukhala yosalala kotheratu, chifukwa imadutsa pa silu yotchinga mafuta. Pomanga nati ya pamwamba ndodoyo imakonda kuzungulira, ndipo wosasamala amaigwira ndi pulayazi. Mano a pulayazi amasiya zipsera, zipserazo zimacheka silu, mafuta n'kuyamba kutsika. Mukaona shoko yatsopano ikuchucha, kankhani kalabala kotchinga fumbi muyang'ane ndodoyo. Zipsera za mano ndi umboni wa dzanja la munthu, osati wa fakitale. Dziwaninso kuti kachinyezi kochepa ka mafuta kogwira fumbi pamwamba pa shoko si kuchucha. Kuchucha ndi pamene mafuta ayenderera mpaka m'munsi.

Zina ndi zachidule koma zoopsa kuposa izi. Sipuling'i ili ndi malo ake okhala, ndipo nsonga yake iyenera kulowa pa kamphako kake. Ikaphonya, imalira mukamakhota ndipo mbali imodzi ya galimoto imakwera kuposa inzake. Sipesa imadya utali wa mabawuti a pamwamba pa shoko, choncho ngati sanaike aatali, nati imangogwira mizere iwiri kapena itatu. Paipi ya labala ya mabuleki ndi waya wa ABS (chipangizo choletsa matayala kumangika pogwira mabuleki) zinapangidwa ndi utali wongokwanira, ndiye galimoto ikakwezedwa kwambiri zimakokeka tayala likalendewera m'dzenje. Nyali ya ABS ikayaka mutangochoka ku galaja, yambani kukayikira pamenepo. Pa mapikapu a masipuling'i a zitsulo zosanjikiza, ma U-bolt, mabawuti opindika omanga zitsulozo ku ekiselo, amamasuka zitsulo zikakhazikika, ndipo ayenera kumangidwanso galimoto ikayenda makilomita mazana ochepa. Ma Hilux akale ali ndi valavu kumbuyo imene imayeza kulemera kwa katundu poona msinkhu wa galimoto, n'kugawa mphamvu ya mabuleki. Mukakweza osaisintha, imaona ngati galimoto ilibe katundu nthawi zonse n'kuchepetsa mabuleki akumbuyo. Munthu wotsika Chiweta ndi matumba a simenti safunika kuzindikira zimenezi ali pa mtsetse.

Apa ndiye pofunika kunena mosapita m'mbali. Kugogoda kwa bushi mukhoza kuyenda nako pang'onopang'ono mpaka ku galaja. Koma chiwongolero chikamachedwa kumva, paipi ya mabuleki ikaoneka yokokeka kapena yonyowa, tayala likapendekeka moonekeratu, kapena nati ikasowa, galimotoyo isayende, ngakhale kutsetsereka kupita ku Nkhata Bay kokha. Itanani amakaniko abwere pomwe yaima.

Tsopano ku mlandu. Pali zinthu zitatu zimene zingakhale zitalakwika, ndipo chilichonse chili ndi mwini wake. Sipeya ikhoza kukhala yoipa kapena yosayenera galimotoyo. Kaikidwe kakhoza kukhala kolakwika. Kapena zonse zili bwino, koma kukwezako kwapyola muyeso umene galimotoyo ingapirire. Chachitatuchi eni magalimoto sakonda kuchimva. Mukakweza kagalimoto koyendera matayala akutsogolo mopitirira, shafuti imagwira ntchito itapindika kwambiri, labala wotchinga girizi amang'ambika msanga, CV joint n'kuyamba kulira pokhota. Galimoto imayendanso mouma ndipo imapendekeka kwambiri pa makona chifukwa kulemera kwake kwapita m'mwamba. Ngati makaniko anakuchenjezani inu n'kuumirira, palibe chomuimbira mlandu. Ngati ndi iye anasankha muyeso n'kukutsimikizirani kuti palibe vuto, nkhani yasintha, chifukwa munadalira luso lake.

Funso la amene anagula masipeya ndi lalikulu kuposa mmene anthu amaganizira. Ambiri timakonda kukagula tokha, poopa kuti makaniko aonjezera mtengo kapena aika zakale n'kutilipiritsa zatsopano. Mantha amenewo ali ndi maziko. Koma dziwani kuti mukagula nokha mwagawa mlandu pawiri: wa sitolo ayankha za katundu, makaniko ayankha za manja ake okha, ndipo inu mudzakhala mukuyenda pakati pawo ndi shoko m'manja. Galaja ikagula yokha n'kuika yokha, ilibe wina womuloza chala. Ine ndimaona kuti pa ntchito ngati iyi kulola galaja kugula, koma inu n'kuona mabokosi ndi manambala ake asanamange, n'kwanzeru kuposa kupulumutsa ndalama pang'ono. Dzina lodziwika ngati KYB, Monroe kapena Gabriel pa bokosi silokwanira palokha, chifukwa mayina otchuka ndi amenenso achinyengo amakopera, ndipo shoko yeniyeni ya galimoto ina ndi yolakwikabe pa galimoto yanu. Za masipeya ogwiritsidwapo kale ntchito, pokhapokha mutagwirizana china pogula, musayembekezere zambiri.

Chimene chimaononga milandu yambiri ndi mkwiyo wa tsiku loyamba. Munthu wamva kugogoda, wapsa mtima, walowa m'galaja ina ku Luwinga n'kuuza amisiri kuti amasule zonse. Iwo amasula, ataya mabushi ong'ambika, amanga bwino, alandira ndalama. Mawa lake akupita kwa makaniko woyamba kukafuna ndalama zake, ndipo yankho ndi lodziwikiratu: galimotoyi yagwiridwa ndi anthu ena, ine ndidziwa bwanji kuti waononga ndani? Ndipo kunena zoona, funso limenelo ndi lomveka.

Choncho musanalole sipanala ina kukhudza, sonkhanitsani umboni. Imikani galimoto pa malo osalala, yezani kuchokera pakati pa wilo kufika pa mlomo wa bodi, mbali zonse zinayi, mulembe. Jambulani ndi foni manati a pamwamba pa mashoko, pamene sipuling'i yakhala, mapaipi a mabuleki chiwongolero chitakhotetsedwa mpaka kumapeto, matayala, ndi makilomita a pa dashibodi. Phokoso lijambuleni pa vidiyo wina akuyendetsa. Pitani ku makina a alayimenti mupemphe kuti ayeze okha osasintha kanthu, akupatseni pepala la zotsatira. Ngati mukufuna maso a makaniko wachiwiri, ayang'ane ndi kulemba zimene waona, koma asamasule. Kumbukiraninso kuti wachiwiriyo akufuna ntchito, ndipo kunyoza ntchito ya mnzake sikumutayitsa kanthu. Mufunseni akuonetseni ndi chala chimene chalakwika, osangoti anthu aja sadziwa ntchito.

Ambiri alibe lisiti, chifukwa magalaja ang'onoang'ono sapereka ndipo ife sitifunsa. Musataye mtima. Uthenga wa Airtel Money kapena Mpamba umaonetsa tsiku, ndalama ndi amene analandira. Zokambirana za pa WhatsApp zokhudza mtengo ndi ntchito ndi umboni. Mgwirizano wa pakamwa ndi mgwirizano ndithu. Kuvuta kwake ndi kuutsimikiza kokha. Masipeya akale amene anachotsedwa, mwini wake ndinu, ndipo ngati simunawatenge, afunseni msanga asanapite kwa ogula zitsulo.

Mukatero bwererani kumene ntchito inagwiridwa, ndipo funani mwini galaja kapena foromani, osati mnyamata amene anamanga. Mu Mzuzu anthu amadziwana. Amene mukukangana naye lero mudzakumana naye ku tchalitchi kapena pa maliro Loweruka. Kumutengera pambali n'kunena kuti, “Akulu, galimoto ija yabwera ndi vuto, tiyeni tiione limodzi,” kumatsegula khomo limene kukalipa pamaso pa makasitomala ake kumatseka. Mumuonetse zimene mwapeza, osamuuza zimene mukumuganizira. Yankho limene mungamve msanga ndi lakuti, “Bwana, ingoyendani nayo, ikhazikika yokha.” Muli choonadi pang'ono m'mawu amenewa: masipuling'i atsopano amatsikadi pang'ono akayenda. Koma kugogoda sikukhazikika, kuchucha sikukhazikika, ndipo tayala lodyeka silimeranso.

Kumupatsa mpata wokonza si kufooka. Mukadzafika kwa oweruza, funso loyamba lidzakhala ngati munamuuza ndi kumulola kukonza. Gwirizanani momveka: ntchito yobwereza simulipira, zimene zaonongeka chifukwa cha kaikidwe kake agula ndi iye, alayimenti ichitika akamaliza, ndipo tsiku lotenga galimoto ndi lakuti. Mukachoka pamenepo mutumizireni uthenga wobwereza zimene mwagwirizana, kuti zikhale polembedwa. Tsiku lokonza khalani pomwepo. Onani kuti mabawuti a mabushi akumangidwa galimoto ili pansi, ndipo funsani ngati ali ndi sipanala yoyezera mphamvu yomangira. Bawuti iliyonse ili ndi muyeso wake m'buku la galimoto, ndipo kudumphira pa paipi yotalikitsa sipanala si muyeso. Pokhapokha ngati cholakwa choyamba chinali choika moyo pa chiswe, kapena wayesa kukonza n'kulepheranso, m'pamene muli ndi chifukwa chomveka chopitira kwina n'kumutumizira bilu.

Pa bilu imeneyo khalani achilungamo. Ndalama za ntchito, bushi kapena shoko imene waononga, ndi mtengo wokonzanso, zimenezo n'zomveka. Matayala amene anali atatsala pang'ono kutha musawawerenge ngati atsopano. Ndipo ngati munamva galimoto ikukoka n'kupitiriza kuyenda nayo miyezi itatu, gawo lina la kudyeka kwa matayala ndi lanu, chifukwa wolakwiridwa nayenso amayembekezeka kuchepetsa chionongeko akachizindikira.

Pali msampha wina wa amene sanamalize kulipira. Mwa malamulo, wokonza ali ndi ufulu wosunga galimoto imene ili m'manja mwake mpaka atalipidwa ntchito imene wagwira pa galimotoyo. Ndiye ngati muli ndi ngongole yotsala ndipo mukubwezera galimoto m'galaja, gwirizanani kaye za ngongoleyo isanalowe pa geti. Kubwera usiku ndi kiyi wapadera kudzaitulutsa kumangosandutsa wolakwiridwa kukhala wolakwa.

Zikakanika, lembani kalata yachidule: tsiku la ntchito, ndalama zimene munalipira, zimene zalakwika, zimene mukufuna, ndi tsiku limene mukuyembekezera yankho. Sungani kope. Ambiri amathamangira ku polisi, koma ntchito yosalongosoka si mlandu wa upandu, ndipo apolisi si otolera ngongole. Polisi imalowapo ngati pali kuba kapena chinyengo, monga kukulipiritsani mashoko atsopano n'kupenta akale, kapena kuchotsa masipeya abwino m'galimoto yanu n'kuika otha.

Njira ya ogula ilipo. Lamulo loteteza ogula la 2003 limazindikira ufulu wa wogula katundu kapena ntchito wolandira chipukuta misozi akaonongeredwa. Bungwe la boma la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a ogula, ndipo lamulo latsopano la 2024, limene linalowa m'malo mwa la 1998, linawonjezera mphamvu zake zolamula ndi kupereka zindapusa. Bungwe loima palokha la Consumers Association of Malawi nalo limathandiza ndi uphungu. Njira imeneyi imagwira bwino pa galaja kapena sitolo yodziwika, yokhala ndi dzina ndi malo okhazikika. Kwa makaniko woyenda ndi bokosi la zida, amene lero ali pa Chibavi mawa ku Ekwendeni, kalata ya ku ofesi imasowa poipereka, ndipo nthawi zambiri amene amathandiza ndi munthu amene anakulozerani kwa iye, kapena akuluakulu a pamalo pamene amagwirira ntchito. Pomaliza pali khothi la majisitireti, kumene munthu angathe kusuma yekha popanda loya pa ndalama zochepa. Kumeneko zithunzi, pepala la alayimenti, mauthenga ndi umboni wa makaniko wachiwiri ndi zimene zimalankhula. Musanapite, werengani bwino: kupambana mlandu ndi kulandira ndalama ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo masiku amene mudzataye nawo ali ndi mtengo.

Galimoto ikakonzedwa, musaiwale zinthu ziwiri zing'onozing'ono. Nyali zakutsogolo zimasintha koloza, makamaka ngati kumbuyo ndi kutsogolo sikunakwere mofanana, ndiye ziyezedwenso musanathobwe m'maso anzanu pa M1 usiku, komanso musanapite kukayezetsa COF, chiphaso chotsimikizira kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pa msewu. Ngati muli ndi inshuwalansi yoteteza galimoto yanu yomwe, osati ya anthu ena okha, auzeni a kampani ya inshuwalansiyo kuti mwaikweza, chifukwa kusintha kumene sanauzidwe kukhoza kukhala chifukwa chokanira kulipira tsiku la ngozi.

Ndipo ngati mwakonza kawiri, alayimenti ikukanabe kulowa m'muyeso wake, ma CV joint akungotha, ganizirani zochotsa masipesawo kapena kuika aafupi. Nthawi zambiri galimoto yochokera ku Japan imakhula pansi chifukwa masipuling'i ake anafooka ndi zaka, ndipo masipuling'i atsopano a muyeso wa ku fakitale amaibwezera mamilimita amene inataya popanda kupendeketsa china chilichonse.